Mabotolo Amene Mayi Kolopa Anawadzutsa

Mumsewu wathu uno mulibe munthu amene sadziwa Mayi Kolopa. Dzina lawo lenileni liripo, koma linatsalira pa khadi la ubatizo. Ngakhale abusa amawatchula Mayi Kolopa, kenako n'kunamizira kutsokomola. Ndi mayi wamfupi, wa mikono yolimba, zala zotuwa mbuu ndi sopo. Ukawapatsa moni wa padzanja amayamba ayang'ana zikhadabo zako. Mlendo akakhalitsa pampando osagwedezeka, amachita mwayi akapanda kupukutidwa nayenso.

Anayamba ntchito kwa a Chizula akadali mbeta. A Chizula ndi dokotala wa mano uja wa nyumba yosanja ya pakona, amene anazula theka la mano a mumsewu uno asanapume pa ntchito. Ana timawaopsezabe ndi dzina lawo. M'nyumba imeneyo Mayi Kolopa akolopamo moyo wawo wonse. Anakolopa Dona, mkazi wa a Chizula, ali woyembekezera. Anakolopa mwana atabadwa, mtsikana mmodzi yekhayo amene tonse timamutchula Kadona. Anakolopa Dona akudwala, ndipo tsiku la maliro a Donawo akuluakulu a mpingo ankaterereka pakhonde ngati ana. Banja analipezanso pompo. A Paipi, wothirira maluwa, anaponda pokolopa ndi nsapato zamatope, anakalipiridwa, mawa lake anapondanso mwadala, mpaka mapeto ake anakwatirana.

Kuseri kwa nyumba yaikuluyo kuli kanyumba ka antchito ka zipinda ziwiri ndi bafa. M'menemo ndi mmene amakhala, ndipo mukagwiritsitse kanyumba kameneka chifukwa nkhani yonse yatsamira pamenepo. A Paipi anagwa ndi sitiroko, mbali ya kumanja n'kufa, lilime n'kulemera. A Chizula anagumula sitepe ya pakhomo kuti njinga ya olumala izilowa, anakhoma zitsulo zogwirira m'bafa ndi m'mbali mwa bedi. Kumene Mayi Kolopa anabadwira kulibenso wowadziwa. Ana awo amakhala m'tizipinda ta lendi tokwera ndi masitepe, mmene anthu amagona motembenuka pamodzi. Kuchotsedwa ntchito kwa iwo kunali kukankha mwamuna wolumala mpaka pamsewu, n'kuima naye pamenepo.

M'nyumba yonse munali malo amodzi okha amene chikolopa chawo sichinafikepo: kachipinda ka pansi pa masitepe, kopanda zenera, kozizira ngati mosungira maliro. Kiyi wake ankalendewera pa lamba wa a Chizula. Zimene zinali m'menemo aliyense ankazidziwa, chifukwa a Chizula ankauza mlendo aliyense, ngakhale wodzawerenga mita ya madzi. Munali vinyo wofiira wakunja, mabotolo khumi ndi awiri, amene iwo ndi Dona anagula chaka chimene Kadona anabadwa, kuti adzatsegulidwe mwanayo akamadzakwatiwa.

"Vinyo wabwino amakula ngati munthu," ankatero a Chizula. "Akadali wamng'ono amaluma. Mukamusiya, amaphunzira ulemu."

Mayi Kolopa ankangoti "Inde, bwana," mumtima akuti zopusa. Iwo mowa anali asanaulawepo. Bambo awo anali chidakwa chotoledwa m'ngalande, ndipo ku tchalitchi kwawo ngakhale pa mgonero amamwa madzi a zipatso. Amakhala mzere woyamba wa amayi, ndipo ndi iwo amene amanunkhiza anyamata a kwaya Lamlungu m'mawa. Mphuno yawo ndi yoopsa. Amatha kudziwa kuti mkaka uwawasa mawa.

Kenako a Chizula anapezeka ndi chotupa kuseri kwa mphuno. Kadona, amene ankagwira ntchito kunja, anawaitana kuti akachitidwe opaleshoni kumeneko. Ponyamuka anamasula makiyi onse pa lamba n'kuwaika m'manja mwa Mayi Kolopa. Anati ndi kamwezi kamodzi. Kamweziko kanakula, dzinja linadutsa, chilimwe chinadutsa, chinabweranso china.

Tisawanamizire, anapirira. Poyamba ankangodutsa pa kachitsekoko n'kuyang'ana kumbali. Kenako anayamba kuima. Tsiku lina anaona kangaude akutuluka pansi pa chitseko modzikuza ngati mwini nyumba, ndipo mtima unawakanika, anatsegula.

Zimene anapeza mkatimo zinawaliza. Fumbi lochita kulembapo dzina ndi chala. Ulusi wa akangaude lendelende. Ndipo mabotolo aja ali gone chammbali pa thandala, mitu italowa m'mabowo, ngati bambo awo m'ngalande.

"Zinthu za Dona malemu!" anatero okha. "Kuziponya mumdima ngati nsapato zakutha. Amuna, amuna!"

Kwa Mayi Kolopa chinthu chamtengo wapatali chili ndi malo amodzi: kabati ya magalasi ya pabalaza, mmene muli mbale za Dona ndi chithunzi chawo cha ukwati. Anawadzutsa mabotolo aja limodzi limodzi, kuwapukuta mpaka phuliphuli, n'kuwaimika pamzere ngati asilikali. Khumi anakwana. Awiri anasowa malo, ndipo anawagoneka m'dilowa ya pansi, kuwafunditsa nsalu za pathebulo, akuwapepesa kuti sanawapezere poonekera. Kabatiyo inayang'anizana ndi zenera lalikulu, ndipo masana aliwonse Mayi Kolopa ankakoka makatani kuti dzuwa lilowe liphe tizilombo. Likamapendeka, mabotolo ankayaka psuu ngati magalasi a m'tchalitchi. Ankatiitana ife a mumsewu kuti tidzasuzumire pazenera. Tinayamikira ndithu. Ife tinkadziwa chiyani?

Ndiye inabwera foni. Kadona wapeza mwamuna, ukwati uchitikira kuno, iye ndi bambo ake akubwera, ndipo makolo a mnyamatayo adzadya nawo chamasana kuti asewere adziwane. Mayi Kolopa anavina m'khitchini, n'kuyamba kukolopa zokolopakolopa kale.

A Paipi ali ndi mng'ono wawo wotchedwa Katayi, chifukwa cha katayi kakuda kamene amavala ku hotela kumene amaperekera zakudya. Amakavala ngakhale pa maliro. Tsiku limenelo anabwera kudzazonda akulu ake, ndipo Mayi Kolopa anamugwira kuti awathandize kusuntha sofa. Atalowa pabalaza anaima chilili.

"Alamu, awa ndi okongoletsa chabe, eti? Muli madzi a utoto?"

"Utoto wa chiyani? Ndi vinyo wa Kadona. Waona mmene akuwalira? Ku hotela kwanu mumawasamala chonchi?"

Katayi anatsegula kabati, kugwira botolo limodzi, n'kuchotsa dzanja msanga.

"Lafunda ngati tiyi. Aima pano kuyambira liti?"

"Zilimwe ziwiri tsopano."

"Mayo ine! Alamu, mwapha anthu khumi m'nyumba ya dokotala."

"Usandiseweretse iwe. Nyamula sofa."

"Sindikuseka. Onani nkhope yanga, katayi kokha ndi kamene kakuseka." Anatsitsa mawu. "Chitsekero chija ndi khungwa la mtengo. Botolo amaligoneka dala kuti vinyo azichinyowetsa. Mukaliimika chimauma, chimanyala, mpweya n'kulowa. Mdima uja ndi dala. Kuzizira kuja ndi dala. Ngakhale fumbi lija, azungu a ku hotela kwathu amalipatsa ulemu kuposa ine. Inu mwawaimika, n'kuwaotcha padzuwa zilimwe ziwiri. Taonani ili."

Chitsekero cha botolo limenelo chinali chitatukuka pang'ono, ndipo m'khosi mwake munali kamzere kofiira kouma.

"Ameneyu analira kalekale," anatero Katayi. "Inu mumapukuta misozi yake."

Ndi zoona, ankapukuta. Ankaganiza kuti ndi ntchentche. Anakhala pa sofa pamene sanakhalepo chiyambire ntchito.

"Ndiye wasanduka chiyani?"

"Viniga, mwina. Mwina ena apulumuka. Wamoyo amanunkhira zipatso zakuda ndi zinazake zimene mabwana amatchula akatsinzina. Wakufa amanunkha viniga."

"Sitingapeze ena ofanana?"

"Chaka chimene Kadona anabadwa muchipeza mu shopu iti? Chinapita."

"Nanga tidziwa bwanji ngati ali moyo?"

"Kutsegula basi. Ndipo mukatsegula simutsekanso."

Apa ndi pamene mantha anawalowa Mayi Kolopa, ndipo sanatulukenso. Mbale ikasweka umaiona, umasesa, umakagwada. Koma apa mlandu unali wotsekeredwa m'mabotolo, uli chete, ukudikira tsiku lake. Ankawayang'anitsitsa kufuna kuona mkati, koma galasi lake ndi lakuda, ankangoona nkhope yawo yomwe itatalika.

Tsiku lomwelo anawabwezera pansi pa masitepe, onse khumi ndi awiri, kuwagoneka mitu m'mabowo. Atabwerera m'mbuyo kuti aone, anagwira pakamwa. Kachipinda kanali mbee, mabotolo ali ng'aning'ani. Ngakhale wakhungu akanadziwa kuti Mayi Kolopa adutsamo.

Pankafunika fumbi. Mayi amene analimbana ndi fumbi moyo wake wonse anayamba kulisaka ngati mankhwala. M'nyumba ya a Chizula munalibe. M'kanyumba kawo munalibe. Anabwera kwa ine ndi kachitini, ndipo mpaka lero sindinasangalale kuti nyumba yoyamba imene anaiganizira inali yanga. Anakokola kuseri kwa wadilopu yanga, osanena ndi zikomo yemwe. Anakaliwaza pa mabotolo ndi sefa ya ufa wa makeke. Anagwira akangaude m'shedi yakale ya a Paipi, kuwatsekera m'botolo la jamu, kukawamasula m'kachipindamo. Akangaudewo, powadziwa bwino mayiwa, anathawa onse osaluka ndi ulusi umodzi.

Chakudya chinasiya kutsika. Ankati akamasambitsa a Paipi, maso ali pa zitsulo za m'bafa, kuganiza kuti kodi zimazuka, kodi munthu angachoke nazo. Anayenda mpaka kwa mwana wawo wamkulu, osalowa, kungoima pansi n'kuyang'ana masitepe opapatiza aja, kenako kubwerera. Akamadutsa pa kachitseko kaja ankatchera khutu, ndipo amalumbira kuti ankamva mabotolo akupuma.

"Mwa-ta-ni?" anafunsa a Paipi ndi lilime lawo lolemeralo.

"Palibe, bambo. Idyani."

"Mwa-swa chi-yani?"

"Ndati idyani."

A Chizula anafika ataonda, kolala ya malaya ikuzungulira khosi ngati ya eni ake. Kadona anakumbatira Mayi Kolopa mpaka kuwanyamula. "Mayi, mwachepa! Adadi ndi amene amadwala, inu mwaonderanji?" A Chizula analowa pang'onopang'ono, ndipo podutsa pa masitepe anaika chikhatho pa kachitseko kaja ngati akupatsa moni mnzawo. Mayi Kolopa anagwira makiyi m'chiuno. Koma kiyi sanamufunse.

Sanamufunse tsiku limenelo, ngakhale lotsatira. Manja a Mayi Kolopa anayamba kuchita zawozawo. Anathira mchere kawiri mu supu, n'kuzindikira atapereka kale. Analawa wotsala mumphika, misozi n'kutuluka. Anaima kuseri kwa chitseko kudikira kukuwa, chifukwa a Chizula akale ankabweza mbale chifukwa cha kambewu kamodzi ka tsabola. Mbale inabwera yopanda kanthu. Tsiku lina mkaka unapserera, fungo linafika mpaka kwa ine kuno, koma a Chizula anali pakhomo pa khitchini pomwepo akuwerenga nyuzi, osakwinya ndi mphuno yomwe.

Munthu wopanda mlandu akanadabwa kuti bwanayu watani. Koma mantha amapotoza nzeru. Mayi Kolopa anati basi, akudziwa. Akundisunga. Ndi mmene ankachitira ndi odwala awo: kukuseketsa, kukufunsa za ana, chopanira atabisa kumbuyo.

Tsiku la asewere linafika. M'mawa Kadona anatenga galimoto kukawatenga alendo. Chipata chitangotsekedwa, a Chizula anaitana.

"Mayi. Kiyi wa pansi pa masitepe. Mubweretsenso kandulo, matambula a mwendo umodzi aja, ndi jagi yagalasi."

Matambula ankalira ngwengwengwe pa thireyi njira yonse. A Chizula anatsegula, kuyatsa kandulo, kuima. Anadutsitsa chala pa botolo limodzi, kuyang'ana fumbi, n'kukokamo katsitsi katali kofiirira. Ka wigi yanga kameneko, sindingakane. Anakayang'ana nthawi yaitali, n'kukagwetsa pansi.

"Tengani atatu. Tipite m'khitchini. Mutseke chitseko."

Chotsegulira chake ndi chopotana ngati mchira wa nkhumba. Anachilowetsa mosamala, dzanja la dokotala, koma chitsekero chinangofumbutuka ngati bisiketi. Anachitola ndi kachitsulo ka mano kamene amasungabe m'thumba. Kenako anapendeketsa botolo pamwamba pa kandulo, kuthira pang'onopang'ono m'jagi, akuyang'ana m'khosi mwa botolo kuti nsenga zakuda za pansi zisadutse. Vinyo anatuluka wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Anathira pang'ono m'tambula, kuizunguza, kulowetsa mphuno yonse.

Mayi Kolopa anatsinzina, kuyamba pemphero, mawu ake n'kuwathawa. Anadikira. Kenako anatsegula diso limodzi.

A Chizula anachotsa mphuno m'tambula.

"Mayi," anatero dokotala, mawu ali pansi, "kuchipatala kuja anachotsa chotupa, koma anatenga ndi mphuno yomwe. Sindimva fungo lililonse. Lilime lili ngati chigamba. Kadona sakudziwa, ndipo asadziwe, analira mokwanira. Asewere anga ndawauza za vinyo ameneyu pa foni mpaka atopa nane. Ndikhoza kuwathirira madzi otsukira mbale ine ndikumwetulira." Anawatambasulira tambula. "Mphuno yanu ndimaidziwa. Nunkhizani, mundiuze chimene mukumva. Musakongoletse."

Taonani tsono mmene Satana amakonzera mbale. Munthu yekhayo amene akanawagwira analibe mphuno. Mawu oti anene Katayi anali atawapatsa kale: zipatso zakuda. Mawu awiri okha, zitsulo za m'bafa n'kukhala pamalo pake. Alendo ndi alendo, akanameza mwaulemu, ndipo mwina akanaganiza kuti vinyo wa madokotala amakoma choncho.

Anaika mphuno. Fungo linawabaya mpaka m'maso. Ndipo anaona thebulo la masana amenewo: Kadona atakhala pakati pa apongozi ake atsopano, bambo ake ataimirira akunyadira, nkhope za alendo zikukwinyika, kenako kuyang'anana. Mwana amene anamusambitsa m'beseni.

"Viniga, bwana." Mawu anatuluka ngati a mwana. "Ndi mankhwala aja ochotsera penti ya m'zikhadabo."

A Chizula anakhuthulira jagi yonse mu sinki. Anatsegula lachiwiri.

"Jamu wopserera, bwana. Wophikidwa kawiri."

Mu sinki. Lachitatu.

"Apulo woiwalika m'chikwama cha mwana wa sukulu."

Mu sinki. Sinki imene Mayi Kolopa amaikwecha mpaka kuoneramo nkhope inali psuu ngati pophera nkhuku, ndipo kwa nthawi yoyamba sanaganize zoitsuka.

A Chizula ananyamula botolo lopanda kanthu kupita nalo pazenera. Anayang'ana pepala lake. Pamene analigula linali lakuda ndi zilembo zagolide. Tsopano linali lotuwa ngati malaya oiwalika pachingwe.

"Pansi pa masitepe dzuwa limalowa nthawi yanji, Mayi?"

Anatembenuka, kuwayang'ana Mayi Kolopa m'maso.

"Munawaika pati?"

"M'kabati ya Dona, bwana."

"Choimirira?"

Mayi Kolopa anavomera ndi mutu.

"Chifukwa chiyani?"

"Zinali zinthu za Dona, bwana. Zinali mumdima."

A Chizula anakhala pa mpando wa m'khitchini. Mayi Kolopa akuti bola akanakuwa, bola akanaswa tambula. Anangokhala, botolo lili pamiyendo, chala chikusisita pepala lotuwalo. "Mkazi wanga anasankha yekha," anatero, osayang'ana munthu. "Anali ndi mwana kumanja, akuloza ndi chibwano." Mayi Kolopa anagwada pa simenti yawo yozizira, koma dokotala sanawaone n'komwe. M'mutu mwawo anali atayamba kale kumanga katundu: mapoto m'chidebe, zofunda pa miyendo ya a Paipi, njinga kuikankha kutuluka pachipata anthu tonse tikuonerera.

Kenako a Chizula anaimirira, kutenga kandulo, kubwerera pansi pa masitepe. Anamveka akutembenuza mabotolo limodzi limodzi. Anatuluka ndi awiri, mapepala ake akuda bii, zilembo zikuwala.

"Nanga awa?"

"Anasowa malo, bwana. Ndinawagoneka m'dilowa, pansi pa nsalu. Pepani, ndinkafuna kuwapezera poonekera koma..."

"Mulungu adalitse kuchepa kwa kabati. Dzukani."

Anatsegula limodzi mwa awiriwo, ndipo chitsekero chake chinatuluka chathunthu, chonyowa kumapeto, ndi kaphokoso kakang'ono koti phu. Vinyo anatsika m'jagi wofiira kwambiri pakati, m'mphepete ngati njerwa. A Chizula anazunguza n'kupereka.

Mayi Kolopa ananunkhiza. Uyu ndiye anali wowola kuposa onse. Zipatso zakuda za Katayi sanazimve. Misozi inayamba.

"Nenani."

"Bwana, mundikhululukire. Nsapato zachikopa zakale. Dothi lonyowa mvula ikangoyamba. Masamba owolerana pansi pa mtengo." Ananunkhizanso, akufwenthera. "Bowa. Ndipo pansi pake penipeni pali kena kotsekemera, ngati zipatso zoumitsa zija za mu keke. Zonse pamodzi zikukhala ngati... ngati mukatsegula wadilopu ya Dona."

A Chizula anali atatsinzina.

"Nenaninso. Pang'onopang'ono."

Ananenanso.

"Ndi ameneyo," anatero dokotala. "Wakula."

"Wowola chonchi?"

"Ndi mmene amanunkhira akakhwima. Tsopano lawani."

"Bwana! Ine ndine wa mzere woyamba."

"Simumeza. Akatswiri sameza. Mumuyendetse m'kamwa, mumve, mulavulire mu sinki. Mphuno ikhoza kunama, ndiyenera kudziwa."

Anayang'ana kudenga kupepesa, n'kupsontha. Ankayembekezera moto umene unapha bambo awo. Koma chinabwera chinthu chofewa, chosalala, chogwira lilime pang'ono ngati nsalu ya veleveti, chowawasa pang'ono, chofunda. Anaima masaya ali tutu, akuyang'ana sinki. Nthawi yomweyo hutala inalira pachipata, piii! Mayi Kolopa anadzidzimuka.

Anameza.

"Mwalavula?"

"Wapita, bwana."

"Nanga m'kamwa mwatsala chiyani?"

"Sakuchoka. Ndameza koma akadalipo."

"Akatero ndiye kuti ali moyo. Tsukani sinki, bisani mabotolo awa, katseguleni chipata."

Pa chakudya chija Mayi Kolopa anaperekera atatseka pakamwa ndi mano omwe, akupumira kumbali, poopa kuti amayi a mnyamata angamve fungo. A Chizula anaimirira, kuzunguza tambula, kulowetsamo mphuno yawo yakufayo, kutsinzina ngati katswiri. "Chikopa chakale," anatero. "Dothi la mvula yoyamba. Masamba, bowa, zipatso zouma." Asewere ananunkhiza n'kuvomera kuti eya, zoonadi, chikopa. Kenako dokotala anatembenukira kwa mwana wawo. "Ndi wadilopu ya amayi ako." Kadona ananunkhiza, n'kuyamba kulira, mwamuna wake n'kumugwira dzanja. Wina atafunsa kuti nanga mabotolo enawo, a Chizula anati vinyo wakale ndi choncho, si onse amafika. Mayi Kolopa anatsala pang'ono kugwetsa mbale ya nyama.

Alendo atapita, dzuwa likadalipo, a Chizula anawaitanira pabalaza, patsogolo pa kabati yomweyo. Anatambasula dzanja.

"Makiyi."

Mayi Kolopa anamasula mpukutu wonse m'chiuno. Panali wa khomo lalikulu, wa chipata, wa stolo, wa pansi pa masitepe, ndi wa kanyumba ka kuseri, womangidwa kansalu kofiira kuti a Paipi azimuzindikira. Anaika onse m'dzanja lija. Zala zinakana kusiya, anachita kuzikanganula ndi dzanja linalo.

A Chizula anasanthula makiyiwo mosafulumira, monga ankachitira posankha chopanira. Anafika pa wa kansalu kofiira, kumugwira, kumutembenuza. Anapitirira. Anachotsa kakang'ono ka pansi pa masitepe, kukakoloweka pa lamba, n'kukankhira otsalawo pathebulo.

"Sindinakukhululukireni," anatero. "Mwina chaka chamawa. Asanu ndi awiri otuwa aja ndikawataya ndekha, musandithandize. Koma latsala limodzi la tsiku la ukwati, ndipo ine mphuno ndilibe. Mudzaima pambali panga."

"Nanga likadzapezeka lakufa, bwana?"

"Mudzandiuza. Monga lero."

Anatola makiyi awo, kutuluka chobwerera m'mbuyo, kuwoloka bwalo. A Paipi anali pakhomo pa njinga yawo. Mayi Kolopa anawerama kuti awakonze bulangeti, ndipo mwamunayo, amene thupi linafa mbali imodzi koma mphuno ili yonse, anakweza mutu n'kufwenkha.

"Mwa-mwa?"

"Khalani chete, bambo, anthu angamve."

A Paipi anaseka ndi mbali imodzi ya nkhope mpaka kutsamwa.

Za mphuno ya a Chizula zija musakazifikitse kwa Kadona, ndangouza inu nokha. Ukwati sunachitikebe, akuti akudikira abale a mnyamata ochokera kutali. Botolo lija lili gone mumdima lokhalokha, ndipo palibe munthu pansi pano amene akudziwa chimene chili mkati mwake. Mayi Kolopa akadali m'kanyumba kawo, akadali pa mzere woyamba, ngakhale anyamata a kwaya akuti masiku ano sawanunkhizanso kwambiri. Akamadutsa pa masitepe amavula masilipasi, kuyenda chonyang'ama. Ndipo mukadzalowa m'nyumba imeneyo mudzayang'ane pansi. Simenti yonse ikuwala ngati kale, koma patsogolo pa kachitseko kaja pali kamzere ka fumbi, kotambalala ngati chikhatho, pamene chikolopa chimafika n'kubwerera.